Phunziro la Sabata Ino: Mpezeni, Alexander ndi Chinenero Chimene Timapempherera

Lamulungu lina titatuluka Misa yoyamba, mnyamata wina wa m'kwaya anandiimitsa pakhomo la tchalitchi ndi funso. Anati: "Yesu anali Myuda, atumwi anali Ayuda, boma linali la Aroma. Nanga zinatheka bwanji kuti Chipangano Chatsopano chilembedwe m'Chigriki?" Ndisanamuyankhe ndinamufunsa chiwongo chake. Ananditchulira chiwongo cha Chingoni chodziwika bwino kwa Mlonyeni. Ndiye ndinamupempha kuti andiuze m'Chingoni mmene wadzukira. Anaseka, nati ngakhale agogo ake sankachitha.

Mafunso awiriwa ndi apachibale. Onse akukhudza zimene zimachitika mtundu wina ukagonjetsa unzake: chinenero cha yani chimatsala, mwambo wa yani umapitirira, ndipo ana obadwa pambuyo pake amadzitcha ayani. Ife a ku Mchinji sitisowa kupita kutali kuti tiphunzire zimenezi, choncho tiyambe ndi zakwathu, za Agriki tizipeza kutsogolo.

Ulendo wochokera kummwera

Cha m'ma 1819, kudera limene lero ndi KwaZulu-Natal ku South Africa, Shaka mfumu ya Azulu anagonjetsa Zwide mfumu ya Andwandwe. Ena mwa atsogoleri a nkhondo a Zwide anathawa ndi anthu awo, ndipo mmodzi mwa iwo anali Zwangendaba wa chiwongo cha Jere. Anadutsa kummwera kwa Mozambique ndi m'dziko la Zimbabwe akumenya nkhondo, kulanda ng'ombe ndi kutenga anthu. Mu Novembala 1835 anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo tsiku limenelo kunachita kadamsana, dzuwa linada masana. Kadamsanayu ndiye anathandiza olemba mbiri kudziwa chaka chenicheni, popeza akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera m'mbuyo tsiku limene dzuwa linada.

Ataoloka anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga. Kenaka anapitirira kumpoto, kudzera m'dziko la Achewa ndi Atumbuka, mpaka kwa Afipa kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, pamalo amene anawatcha Mapupo. Kumeneko ndi kumene Zwangendaba anamwalira m'zaka za m'ma 1840, ali pamtunda wopitirira makilomita 2,000 kuchokera kwawo. Atangoikidwa m'manda, ana ake ndi nduna zake anayamba kulimbirana ufumu ndipo gulu linasweka. Ena analowera kumpoto cha ku nyanja ya Victoria, ena kum'mawa ku Songea. M'mbelwa anakakhazikika ku Mzimba. Mpezeni anayamba wagundana ndi Abemba, kenaka anabwerera kummwera kwa Ansenga, ndipo pofika cha m'ma 1880 anali atalanda dziko la Mkanda, mfumu ya Achewa, kuzungulira Chipata ndi mbali yathu ino. Mafumu a Chingoni a boma lino, monga Zulu ndi Mlonyeni, mizu yawo ili m'gulu la Mpezeni limeneli. Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu ndi gulu lina, la Amaseko, lomwe linayenda njira yakeyake.

Tiime pang'ono tione mmene gululi linkakulira, chifukwa yankho la funso lathu lagona pamenepa. Amene anachoka ku Natal anali ochepa. Kulikonse kumene adutsa ankatenga anyamata, atsikana ndi amayi, n'kuwagawa m'mabanja a akuluakulu. Mnyamata wogwidwa ankaweta ng'ombe, kugona ku laweni ndi anzake, kenaka n'kulowa gulu la nkhondo la msinkhu wake. Akaonetsa chamuna ankatha kukwera n'kukhala nduna, ndipo ana ake ankakula ngati Angoni. Chiwere Ndhlovu, amene anakakhazikitsa ufumu wa Chingoni ku Dowa, anali Mnsenga wobadwa. Ungoni sunali wa magazi okha ayi. Munthu ankaulowa.

Koma tisakometse zinthu. Kwa Mchewa wa nthawi imeneyo, Angoni anali nkhondo ya m'bandakucha, nkhokwe zopsa ndi mwana wotengedwa osadzaonekanso. Midzi yambiri inamanga malinga, ina inathawira m'mapiri n'kumalima timinda ta pakati pa miyala. Ambiri mwa ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri, a wogwira nthungo ndi a wothawira kuphiri, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imafunika kuikamba mofatsa.

Fort Manning

Ufumu wa Mpezeni sunakhalitse paufulu wake. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anapeza kwa iye chilolezo cha malo chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, yomwe inkakhulupirira kuti m'dzikomo muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, pamodzi ndi anyamata a nkhondo sanafune azungu. Nkhondo inabuka kumapeto kwa 1897, ndipo mu Januwale 1898 asilikali ochokera mbali ino ya Nyasaland analowa ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Chishango cha chikopa sichikanaimitsa chipolopolo. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale 1898, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Mpezeni wokalambayo anadzipereka. Anamusunga kuno, pa linga la asilikali lotchedwa Fort Manning, asanamubweze kwawo kumene anamwalira mu 1900. Dzina la Fort Manning ndi limene boma lathu linkadziwika nalo mpaka dziko litalandira ufulu, monganso Chipata ankatchedwa Fort Jameson.

Malire amene timadutsa pa Mwami anadula anthu a Mpezeni pakati. N'chifukwa chake kumapeto kwa Febuluwale timaona magalimoto odzaza anthu ovala zikopa akulowera ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, umene unaima pambuyo pa nkhondo ya 1898 n'kudzautsidwanso mu 1980. Kumapeto kwa Ogasiti msewu womwewo umadzazanso ndi opita ku Mkaika ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndikudziwa mabanja a m'parishi muno amene amapita konse kuwiri.

Tsono taonani chodabwitsa. Angoni anapambana nkhondo, koma chinenero chawo chinagonja. Chimene anthu a kwa Mpezeni amachitcha Chingoni lero kwenikweni ndi Chinsenga, ndipo kuno ambiri amalankhula Chichewa. Chingoni chakale chija, chapachibale ndi Chizulu ndi Chiswati, chatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mayamiko a mafumu ndi m'ziwongo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Ankhondo ankakwatira akazi amene anawagwira. Bambo ali ku nkhondo kapena ku bwalo, mwana ali kumsana kwa mayi wake Mnsenga kapena Mchewa, akumva chinenero cha mayiyo pamtondo, padambo ndi pogona. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, chinenero cha abambo chinasanduka cha pamwambo pokha.

Komabe Angoni anasiya zambiri. Anasiya malowolo ndi mwambo woti ana ndi a kuchimuna, anasiya khola la ng'ombe pakati pa mudzi, gule wa ngoma ndi ulemu wa Bayete. Mawu oti nduna, amene timawamva tsiku ndi tsiku pawailesi ponena za nduna za boma, anabwera ndi iwo. Ngakhale mawu oti mphakati, amene ife timawakonda, ali ndi mbale wake m'Chizulu, umphakathi, kutanthauza anthu a dera limodzi.

Mnyamata wa ku Macedonia

Tsopano tibwerere m'mbuyo zaka zopitirira 2,300. Alexander anabadwa m'chaka cha 356 Khristu asanabadwe, ku Pella m'dziko la Macedonia, kumpoto kwa Greece. Bambo wake anali mfumu Philip, mphunzitsi wake anali Aristotle. Analowa ufumu ali ndi zaka 20, bambo wake ataphedwa. Mu 334 anaolokera ku Asia kukathira nkhondo ufumu wa Persia, womwe unali waukulu kuposa maufumu onse a nthawiyo. Anagonjetsa mfumu Darius pa Issus mu 333 ndi pa Gaugamela mu 331. Pakati pa nkhondo ziwirizi anatsikira ku Egypt kudzera m'mbali mwa dziko la Ayuda, nakhazikitsa mzinda wa Alexandria. Mu 326 anali atafika ku India, ndipo akanapitirira asilikali ake akanapanda kukana. Anamwalira ku Babylon mu Juni 323 ali ndi zaka 32.

Mabuku a sukulu amamutcha Wamkulu. Anthu a ku Thebes, mzinda umene anaugumula mu 335, ndi a ku Tyre, amene anaphedwa ndi kugulitsidwa ukapolo mu 332, akanamutcha dzina lina. Buku loyamba la Amakabeo limayamba ndi mbiri yake m'mavesi ochepa chabe, ndipo silimuyamikira. Limasimba za kupha, kufunkha ndi kudzikuza, kenaka matenda ndi imfa.

Monga zinachitikira ku Mapupo, mwini wake atamwalira ufumu unasweka. Akuluakulu a nkhondo anagawana: Ptolemy anatenga Egypt, Seleucus anatenga Babylon ndi Syria, banja la Antigonus linadzatenga Macedonia. Mpaka apa nkhani ziwirizi zikufanana. Asilikali a Alexander nawonso anakwatira akazi a m'maiko ogonjetsedwa. Iye mwini anakwatira Roxana wa ku Bactria, ndipo mu 324 ku Susa anachititsa ukwati wa akuluakulu ake ambiri ndi akazi a ku Persia tsiku limodzi. Nanga bwanji Chigriki sichinafe ngati Chingoni?

Ine ndimaona zifukwa ziwiri, ndipo chachikulu ndi cholembera. Agriki anabwera ndi zilembo, mabuku ndi sukulu. Kulikonse kumene akhala ankamanga mzinda wokhala ndi msika, bwalo la zisudzo ndi malo otchedwa gymnasium, kumene anyamata ankachita masewero olimbitsa thupi ndi kuphunzira. Mwana ankatha kuyamwa chinenero cha mayi wake kunyumba, koma akafika kusukulu ankakumana ndi Homer. Ku Afghanistan, pamalo otchedwa Ai Khanoum, akatswiri ofukula zakale anapeza mzinda wotere m'zaka za m'ma 1960, uli ndi gymnasium ndi bwalo la zisudzo. Ku Kandahar kunapezeka mwala umene Ashoka, mfumu ya ku India, analembetsapo malamulo ake m'Chigriki ndi m'Chiaramu. Angoni analibe zilembo. Sukulu yawo inali laweni ndi gulu la nkhondo, ndipo nkhondo itatha mu 1898 sukuluyo inatsekeka.

Chifukwa chachiwiri ndi nthawi. Banja la Ptolemy linalamula Egypt pafupifupi zaka 300, mpaka imfa ya Cleopatra m'chaka cha 30 Khristu asanabadwe. Zaka zonsezo msonkho, milandu ya boma ndi makalata a malonda akuluakulu zinkayenda m'Chigriki. Wofuna ntchito yabwino ankayenera kuchiphunzira. Mpezeni analamula dera lino mwaufulu zaka zosakwana makumi atatu. Chigriki chimene chinafala choterechi sichinali chozama cha akatswiri a ku Athens. Chinali chosavuta, cha pamsika ndi padoko, chotchedwa Koine, kutanthauza cha onse. Aroma atalanda maiko a kum'mawa anachipeza chitazika mizu ndipo anachisiya. Koma kumidzi anthu sanasiye zinenero za amayi awo. Ku Galileya ankalankhulabe Chiaramu, ndipo ndicho chimene Yesu anakula nacho ku Nazarete.

Ayuda pakati pa miyambo iwiri

Ayuda sanagwirizane pa za chikhalidwe chatsopanochi. Ku Alexandria kunali Ayuda ambiri amene ana awo sankamvanso Chihebri, monga mnyamata wathu wa m'kwaya ndi Chingoni chake. M'malo mowasiya osamva Mawu a Mulungu, akuluakulu anayamba kumasulira Malembo m'Chigriki, kuyambira ndi mabuku asanu a Mose, cha m'ma 250 Khristu asanabadwe. Baibulo limeneli limatchedwa Septuagint. Ndilo limene Akhristu oyamba ambiri ankawerenga, ndipo mabuku monga Tobiti, Yuditi, Luntha ndi Amakabeo, amene ali m'Baibulo lathu la Chikatolika, anatifikira kudzera m'menemo.

Ku Yerusalemu zinthu zinafika poipa. Antiochus Epiphanes, wa banja la Seleucus, analowa ufumu mu 175. M'masiku ake Ayuda ena apamwamba, motsogozedwa ndi mkulu wa ansembe Yasoni, anamanga gymnasium mumzinda woyerawo, ndipo anyamata ena anayamba kuchita manyazi ndi mdulidwe wawo. Dziwani kuti poyamba palibe amene anawakakamiza. Ankangofuna kuoneka otsogola. Kukakamiza kunabwera mu 167, pamene mfumu inaletsa Sabata ndi mdulidwe, niipitsa Nyumba ya Mulungu ndi nsembe zachilendo. Apa ndi pamene pachokera nkhani ya nkhalamba Eleazara ndi ya mayi wa ana asanu ndi awiri; yachiwiriyi timaimva pa Misa chakumapeto kwa Chaka C. Wolemba nkhaniyo amanenetsa kuti mayi uja ankalimbikitsa ana ake m'chinenero cha makolo awo, mfumu ili pomwepo osamva. Wansembe Matatiasi ndi ana ake anayamba nkhondo, ndipo mu 164 Yuda Makabeo anayeretsanso Nyumba ya Mulungu. Chikondwerero chokumbukira tsikuli ndi chimene Yohane akutchula pamutu 10, Yesu akuyenda m'khonde la Solomoni nyengo yozizira.

Chochititsa chidwi n'chakuti buku lachiwiri la Amakabeo, limene likudzudzula kwambiri miyambo ya Agriki, linalembedwa m'Chigriki chomwecho. Wolembayo anakana milungu ya Agriki koma anatenga chinenero chawo n'kuchigwiritsa ntchito yake. Paulo anachitanso chimodzimodzi. Anali Mfarisi wobadwira ku Tariso, mzinda wa maphunziro a Chigriki, ndipo ankatha kulemba kalata imodzi yomveka ku Korinto, ku Efeso ndi ku Roma komwe. Ili ndilo yankho la mnyamata uja. Atumwi anafuna kuti uthenga umveke kwa anthu ambiri, ndipo chinenero cha anthu ambiri chinali chimene asilikali a Alexander anasiya.

Mpaka lero timalankhula Chigriki m'tchalitchi muno osadziwa. Khristu, Ukaristia, Eklezia, episkopi, dikoni, ubatizo, katekisimu, Pentekoste, mngelo, Baibulo, ngakhale parishi, onsewa ndi mawu ochokera ku Chigriki. Pemphero lopepesa la kuchiyambi kwa Misa limadziwikabe ndi dzina lake la Chigriki, Kyrie.

Kuno kwathu zinatembenuka. Ansembe a White Fathers atatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, patangopita zaka zisanu chigonjetsedwere Angoni, chinenero chimene chinakhazikika m'katekisimu, m'mapemphero ndi m'sukulu chinali Chinyanja. Chinenero cha anthu othawira kumapiri aja ndicho chinalandira zilembo, ndicho chinayenda ndi apolisi ndi asilikali mpaka ku Lusaka, ndi antchito mpaka ku Harare, ndipo mu 1968 chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko la Malawi. Koine wathu ndi Chichewa.

Kumene nkhaniyi imatipweteka

Wina anganene kuti zonsezi ndi mbiri yakale. Koma amene anakhalapo pa zokambirana za pambuyo pa maliro akudziwa kuti nkhondo ya miyambo iwiri ija sinathe. Bambo akakhala Mngoni, mayi Mchewa, mbali zonse ziwiri zimati ana ndi athu: akuchimuna akuloza malowolo, amalume akuloza mbumba. Bambo akakhala Mchewa, mayi Mngoni, mwambo uliwonse ukhoza kukankhira anawo kwa unzake, makamaka nkhani ikakhala ya munda kapena fizi. Ndaonapo anthu amene sanasamalepo za mwambo moyo wawo wonse akusanduka akatswiri a mwambo tsiku logawa katundu, aliyense akusankha mwambo umene ukumupatsa nyumba ya malata. Wovutika amakhala mayi wamasiye ndi ana. Lamulo la dziko lino la chaka cha 2011 lokhudza chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ambiri mwa ife sitinalembe wilo, ndipo ambiri tinamanga ukwati wa mitundu iwiri ankhoswe osakambirana poyera kuti ana adzatsata mwambo uti.

Mpingo woyamba nawo unakumana ndi zofanana. Pa Ntchito za Atumwi mutu 6, dandaulo loyamba mumpingo wa ku Yerusalemu linali pakati pa Ayuda olankhula Chigriki ndi olankhula chinenero cha kwawo, ndipo nkhani yake inali ya amayi amasiye a gulu loyambalo amene ankaiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakane kuti vuto lilipo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo, ndipo mukawerenga maina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolasi, mupeza kuti onse ndi a Chigriki. Zikuoneka kuti udindo unaperekedwa kwa mbali imene inkadandaula. A m'makomiti athu a parishi ndi a m'miphakati angachite bwino kuyang'ana maina a m'mabuku awo, aone ngati obwera kudzagwira ntchito pa boma pano, a ku Mzimba, a ku Mangochi kapena a kutsidya kwa Mwami, alimo.

Palinso nkhani ya ana athu a m'tauni. Chingerezi ndi Chigriki cha masiku ano: chili ndi sukulu, mayeso, ntchito ndi foni. Mwana achiphunzire ndithu, ndipo achidziwe bwino monga Paulo anadziwira Chigriki. Koma pali makomo ena pa boma pano pamene mwana wa zaka zisanu amadzudzulidwa akalankhula Chichewa, ndipo agogo akabwera kuchokera kwa Mavwere kapena kwa Mkanda amangoyang'anana ndi mdzukulu wawo, mayi ali pakati kumasulira. Chingoni sichinaletsedwe ndi mfumu iliyonse. Chinatha m'nyumba, pamene panalibenso wochilankhula kwa mwana wakhanda.

Pamsonkhano wa mphakati sabata ino tiwerenge mutu woyamba wa buku loyamba la Amakabeo, mavesi 1 mpaka 15, kenaka Ntchito za Atumwi 6, mavesi 1 mpaka 7. Amene muli ndi agogo odziwa nyimbo za ngoma kapena mayamiko a chiwongo chanu, mubwere nawo, ndipo achinyamata abwere ndi kope ndi cholembera.